Madzi a m'chitsime akaoneka oyera, sikuti ndi abwino kumwa

Kwa amayi, abambo ndi eni mapuloti a ku Kanyama, George, Chawama, Misisi ndi makomboni ena a mu Lusaka kumene anthu amatunga m'zitsime zosazama.

Mvula ikangoyamba timamvanso mawu omwe aja: "Madzi athu ndi oyera mbee, dothi limasefa." Chonde lekani kudalira maso. Tizilombo ta kolera ndi taifodi sitioneka, sitinunkha, ndipo madzi amene tilimo amakoma ngati ena onse. Kolera amene anayamba mu Okutobala 2023 anadzaza odwala m'bwalo la masewera la Heroes Stadium, sukulu n'kuchedwa kutsegulidwa.

Kwina dothi limasefadi, koma kuno ayi. Pansi pa mbali yaikulu ya Lusaka pali mwala wa laimu, womwe uja anthu amaphwanya n'kugulitsa m'mbali mwa msewu. Mwalawu uli ndi ming'alu ndi mphako, ndipo dothi la pamwamba pake ndi lochepa. Zoipa za m'chimbudzi chokumba zikapeza mng'alu zimangoyenda ngati zili m'paipi, popanda chozisefa. M'dzinja madzi apansi amakwera mpaka kukumana ndi dzenje la chimbudzi. Madzi omwewo ndi amene amalowa m'chitsime chanu ndi m'borehole ya aneba, ena n'kukatulukira m'mitsinje ya Ngwerere ndi Chunga.

Chitsime chanu chiyeseni motere. Pimani mtunda wofika pachimbudzi chapafupi, cha aneba chomwe. Ukachepera mamita 30, chitsimecho chili pangozi, ndipo pa mwala wong'alukawu ngakhale mamita 30 sakwanira. Onani ngati madzi amakwera msanga kapena kuda mvula ikagwa usiku umodzi wokha. Zikatero, dziwani kuti madzi a pamwamba akulowa mwachindunji. Onaninso pakamwa pa chitsime: ngati palibe simenti ndi chivundikiro, madzi osefukira amagweramo. Koma chotsimikizira ndi kupimitsa kulabu basi. M'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke ngakhale kachilombo kamodzi ka E. coli, kamene kamapezeka m'manyi.

Tibwerezenso, kuyera si umboni. Tungani pa kiosk kapena pampopi wa kampani ya madzi ya Lusaka Water. Madzi akumwa athireni klorini pa muyeso wolembedwa pabotolo, mudikire mphindi 30, kapena awiritseni abwate kwa mphindi imodzi yathunthu. Dziwani kuti kuwiritsa sikuchotsa nitrate, mtundu wa mchere wochokera m'zimbudzi umene ndi woopsa kwa makanda, choncho madzi a m'chitsime chosazama musapangire mkaka wa khanda.

Wina akayamba kutsegula m'mimba kwa madzimadzi, musati tione mawa, kolera amapha m'maola ochepa. Mpatseni ORS, mankhwala obwezera madzi m'thupi, pomwepo. Ngati mulibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, azimwa muli panjira yopita kukiliniki.