Chifukwa chake anthu a m'migodi ya Copperbelt amasinthasintha zipani

Mu Ogasiti 2021 Hakainde Hichilema adapambana upulezidenti wa Zambia ndi mavoti pafupifupi 2.8 miliyoni, Edgar Lungu, yemwe anali pulezidenti panthawiyo, akutsatira ndi 1.8 miliyoni. Ambiri adadabwa kuona chigawo cha Copperbelt, chomwe chipani cha Lungu cha Patriotic Front (PF) chinkachiyesa kuchipinda kwake, chikuvotera Hichilema. Komatu anthu a ku Kitwe, Mufulira ndi Chingola sadayambe lero kutembenuka chonchi.

Mu Disembala 1986 boma la Kenneth Kaunda litakweza mtengo wa ufa, m'matauni a migodi mudabuka zipolowe mpaka boma lidabweza ganizolo. Mu 1991 anthu omwewa adathandiza kuchotsa UNIP, chipani cha Kaunda, n'kuika Frederick Chiluba, yemwe adatsogolera ZCTU, mgwirizano wa mabungwe a ogwira ntchito, kwa zaka zambiri. Anali munthu wawo.

Munthu wawoyo ndiye adagulitsa migodi, ndipo pofika 2000 kampani ya boma yoyendetsa migodi ya ZCCM inali itagawidwa kwa amalonda akunja. Apa ndipo pali phata la nkhani. ZCCM sinkangolipira pa mwezi. Inkapereka nyumba, chipatala, madzi, magetsi, mpaka kuyendetsa matimu a mpira. Mwana amabadwira m'chipatala cha mgodi, kukulira m'komboni ya mgodi, bambo ake akalankhula pa msonkhano wa Mineworkers Union of Zambia, bungwe la ogwira ntchito m'migodi, mawu ake amakafika ku Lusaka. Zonsezi zidaphwasuka m'zaka zochepa. Anthu zikwizikwi adachotsedwa ntchito, ndipo mtengo wa mkuwa utakweranso ambiri adabwerera kudzera mwa makontrakitala, pa malipiro ochepa, ena opanda ngakhale bungwe lowayankhulira. Enanso adathera pa msika wa Chisokone ku Kitwe kugulitsa salaula, zovala za kaunjika.

Ine ndimaona kuti bungwe la ogwira ntchito ndilo linali chingwe chomangira wovota ku chipani. Chingwecho chitaduka, aliyense adayamba kuyeza boma payekha, potengera thumba la ufa, lendi ndi fizi ya ana. Ndimakana ndithu zomwe ena amanena zoti anthuwa ndi osayamika kapena ongotengeka ndi zitenje za kampeni. Munthu amene waona ntchito ya bambo ake ikutha chifukwa cha siginecha ya ku Lusaka amadziwa bwino chomwe akuvotera.

Michael Sata adaiwerenga bwino nkhaniyi. Adayambitsa PF mu 2001, nalankhula Chibemba cha m'misewu, nalonjeza misonkho yotsika ndi ndalama zambiri m'matumba, nadzudzula poyera momwe makampani ena akunja ankagwiritsira ntchito anthu. Copperbelt idamuvotera mu 2006 ngakhale adalephera, kenaka mu 2011 adalowa m'boma.

Sata atamwalira mu 2014, Lungu adatenga utsogoleri wa PF, kenaka wa dziko, ndipo ngongole za boma zidakula. Mu 2019 boma la Lungu lidalowerera pa Konkola Copper Mines n'kuiika m'manja mwa woyang'anira wosankhidwa ndi khothi, ndipo ambiri operekera katundu ku mgodiwo adadandaula za kuchedwa kwa ndalama zawo. Mu Novembala 2020 Zambia idalephera kulipira chiwongoladzanja cha ngongole yakunja, ndipo pofika nthawi ya chisankho mitengo ya zinthu inkakwera kupitirira 20 peresenti pa chaka. Ana a anthu a m'migodi aja, ambiri a iwo osadziwa n'komwe kuti kulembedwa ntchito n'kotani, adapirira pa mizere yaitali pa 12 Ogasiti mpaka atavota.