Osachoka pantchito usiku chifukwa mneneri wanena

Ndakhala ndikuyang'anira antchito ku Moatize, ku Mozambique, kwa zaka zambiri, ndipo mawu amene andifika m'khosi ndi awa: "Mulungu wanditsegulira khomo lina." Sindikulimbana ndi Mulungu, inenso Lamlungu ndimakhala m'tchalitchi. Chimene ndikukana n'kuchoka ngati wakuba, osalemba kalata, osatsazika, foni n'kuzimitsa.

Mnyamata wina wa ku Angónia sandichoka mumtima. Anali makaniki, waluso ndithu, woyimba kwaya. Akalandira ankayamba wapereka chakhumi, kenako n'kutumiza ya feteleza kwa mayi ake ku Ulónguè. Anthu oyamika pa zochepa ngati iyeyu ndawaona akukhazikika pantchito, choncho ndinkamudalira. Mu 2022 kampani ya Vale itagulitsa mgodi wa malasha wa ku Moatize kwa kampani ya Vulcan, mphekesera zoti anthu achotsedwa zinali ponseponse, mitima ili m'mwamba. Mneneri wina anamuuza kuti mwayi wake uli ku Joni, abzale mbewu ya malipiro a mwezi wathunthu, ndipo asauze munthu kuopa afiti a kuntchito angamutsekere njira. Anapereka. Lolemba ovolosi ili pamsomali, mwini wake kulibe.

Lamulo la ntchito silidziwa za maloto. Ukajomba masiku 15 otsatizana popanda chifukwa amati abandono, wathawa ntchito, mlandu n'kutsegulidwa. Ndinaimba foni, ndinatuma mnzake wa kukwaya, zii. Pepala lomuchotsa ntchito ndinasaina dzanja likulemera. Patapita miyezi anatulukira pakhomo pa ofesi, ataonda, nsapato zitang'ambika. "Amayi, ndinapusitsidwa, ndithandizeni kapepala kosonyeza kuti ndinagwirapo pano." Mneneri uja anali atasamuka kalekale.

Ngati mtima wafuna kuchoka, chokani, ndinu achinyamata, palibe anakumangani. Koma tulukirani pakhomo. Yambani mwagwira m'manja kontarato ya kumene mukupitako, yolembedwa, osati lonjezo la pa WhatsApp. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Lembani kalata, perekani aviso prévio, kudziwitsiratu abwana kuti mukuchoka, masiku 15 kapena 30 malinga ndi zaka zimene mwagwira. Ndipo pitani ku INSS, bungwe la boma loona za penshoni, mukaone ngati 3% imene amakudulani, ndi 4% ya abwana, zinkafikadi. Penshoni imafuna miyezi 240 yosonkha, ndipo ukakhala pansi osasonkha miyeziyo imaima pomwepo.

Mabwana anzanga, inunso mumandikwiyitsa. Malipiro achedwa miyezi iwiri, mwana akadandaula mukuti "uzithokoza Mulungu kuti uli pantchito." Kuyamika si loko wa pakamwa. Munthu angathe kugwada m'mawa kuthokoza, masana n'kukadandaula ku sindikato, bungwe la antchito, kapena ku Inspecção do Trabalho, ofesi ya boma yoyendera za ntchito, osachimwa. Mukamutseka pakamwa chotero, amakalankhulira kwa aneneri a m'mashedi aja, ndipo inu mudzangoona malo ake alibe munthu.

M'busa weniweni ukamuuza kuti ndikusiya ntchito amafunsa: wakambirana ndi akazi ako? Makolo akudziwa? Udya chiyani mwezi wamawa? Amene akuti pereka ndalama lero, usauze aliyense, thawani msanga, ngakhale atatchula dzina la agogo anu ndi mudzi wanu.

Mnyamata uja kapepala ndinamupatsa. Malo ake anali atalowa wina. Ndinamuona komaliza ku Zóbuè akumata matayala m'mbali mwa msewu, anandipatsa moni chipewa chili m'manja.