Mmene Debian imayesera maphukusi ake asanafike kwa inu

Debian, dongosolo laulere loyendetsera kompyuta limene Ian Murdock anayambitsa mu 1993, si pulogalamu imodzi ayi. Ndi maphukusi (mitolo ya mafayilo a mapulogalamu okonzeka kuikidwa pa kompyuta) masauzande ambirimbiri, lililonse lili ndi olisamalira ake, ndipo ambiri mwa iwo ndi ongodzipereka. Maphukusiwa amadalirana. Pulogalamu yoimbira nyimbo imadalira laibulale (gawo la pulogalamu limene mapulogalamu ena amagwiritsa ntchito) yowerenga mafayilo a mawu, laibulaleyo imadalira laibulale ya maziko yotchedwa glibc, ndipo glibc ndiye pafupifupi chilichonse chatsamira pa iyo. Choncho munthu akasintha phukusi lake lero, mawa pulogalamu ya mnzake amene sanakhudze kalikonse ikhoza kusiya kugwira ntchito.

Mapulogalamu ambiri amayesedwa pa nthawi imene akumangidwa. N'zabwino, koma sizikwanira. Pa nthawiyo mafayilo onse amakhala ali pamodzi m'foda ya womanga, pamene inu mumalandira zokhazo zimene zalowa m'phukusi. Fayilo imodzi ikaiwalika polongedza, mayeso aja amakhoza bwinobwino, vuto n'kukatulukira pa kompyuta yanu. Wokonza njinga akhoza kuona tcheni pachokha, mabuleki paokha, koma njinga imadziwika akaikwera.

Kukwera kumeneku ndi ntchito ya autopkgtest, chida chimene Ian Jackson anayamba kulemba ndipo Martin Pitt anachikulitsa. Malamulo ake ali m'chikalata chotchedwa DEP-8. Wosamalira phukusi amalemba kafayilo ka debian/tests/control, mmene amatchula mayeso, maphukusi ofunika kuti mayesowo ayende, ndi zina zapadera, monga ngati pakufunika mphamvu za root, woyang'anira wamkulu wa kompyuta. Chidacho chimakonza kompyuta yongoyerekezera yopanda zinyalala, kudzera m'mapulogalamu a LXC kapena QEMU, n'kuika phukusilo ndi apt, chida choikira maphukusi, monga mmene inu mungaikire. Ngati ndi pulogalamu yopanikiza mafayilo, mayeso amatenga fayilo, kuipanikiza, kuimasula, n'kuyerekeza ndi yoyamba ija. Mayeso akatha amabweza nambala: ikakhala 0, ndiye kuti akhoza. Chidachi n'chokhwimitsa zinthu: pulogalamu ikangolemba kachenjezo ku stderr, njira imene mauthenga a zolakwika amatulukira, mayeso alephera, pokhapokha wosamalira atalemba allow-stderr.

Mu 2014 Antonio Terceiro anakhazikitsa ci.debian.net, malo amene mayesowa amayendera okha usana ndi usiku. Koma mphamvu zenizeni zinabwera mu 2018, pamene zotsatira zake zinalumikizidwa ndi britney, pulogalamu imene imasankha maphukusi ochoka ku unstable, nthambi imene maphukusi atsopano amafikira, kupita ku testing, nthambi imene imadzakhala Debian yokhazikika. Phukusi wamba limadikira masiku 5, koma lokhoza mayeso ake limatha kudutsa m'masiku 2. Chachikulu kwa ine ndi ichi: sayesa phukusi latsopanolo lokha, amayendetsanso mayeso a maphukusi ena olidalira. Python yatsopano ikabwera, mayeso a maphukusi ochuluka olembedwa m'chilankhulo cholembera mapulogalamu chimenechi amadzuka. Ngati ena amene ankakhoza ayamba kulephera, Python yatsopanoyo imaima pachipata mpaka nkhaniyo itakonzedwa.

Apa mpamene pamafunika anthu, osati makina. Kulephera kwa mayeso sikunena wolakwa. Mwina laibulale yatsopano yathyola lonjezo lake, mwinanso pulogalamu yoidalira inkagwiritsa ntchito njira imene inalengezedwa kalekale kuti idzachotsedwa. Osamalira awiriwo amayenera kuwerenga zimene mayeso alemba, kutsegula lipoti la vutolo, n'kugwirizana amene akonze. Zimachedwetsa, inde, koma kukambirana kumeneku kukuchitika pakati pa anthu amene angathe kukonza, vuto lisanafike pa seva ya sukulu kapena ya chipatala.

N'chifukwa chake mayeso olembedwa mosasamala amandidetsa nkhawa kwambiri. Mayeso amene amakatenga zinthu pa webusaiti ya kunja amalephera webusaitiyo ikazima, ndipo amatsekereza ntchito ya munthu wosalakwa. Amene amakhoza lero n'kulephera mawa popanda chosintha amachititsa anthu kuzolowera kungodina batani loyesanso, mpaka tsiku limene kulepherako kuli kwenikweni, palibe amene amakukhulupirira. DEP-8 ili ndi chizindikiro cha flaky cha mayeso otere, kuti asaimitse ena pamene akukonzedwa.

Palinso chizindikiro cha superficial, cha mayeso ongoona pamwamba, monga kufunsa pulogalamu nambala ya mtundu wake basi. Mayeso otere amagwira phukusi lothyokeratu, koma sapatsa mwayi wodutsa msanga, ndipo mpake. Kwa maphukusi ofanana kapangidwe, monga a zilankhulo za Perl ndi Ruby, chida cha autodep8 chimakonza chokha mayeso oyambira, kuti munthu asalembe zomwezomwezo kambirimbiri.

Amene akufuna kuyamba kuthandiza Debian angayambire pomwepa. Sankhani phukusi limene mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, onani pa ci.debian.net ngati lili ndi mayeso, ndipo ngati lilibe, lembani amodzi ochita ntchito yeniyeni imene inu mumachita nalo, muwatumize kwa wolisamalira.