Rauta ili ndi mapasiwedi awiri, koma ambiri amasintha imodzi yokha

Bandulo ya mwezi wathunthu ikatha pa masabata awiri, ambiri amayamba ndi kudandaula za kampani ya mafoni. Koma ku Chibavi, Zolozolo kapena Mchengautuwa mu mzinda wa Mzuzu, kumene nyumba za lendi zimakhala moyandikana, Wi-Fi imadutsa khoma n'kufika kwa aneba. Ikakhala yosatsekedwa bwino, mukugulira bandulo mpanda wonse.

Rauta kapena MiFi, chipangizo chimene chimagawa Wi-Fi pakhomo, ili ndi mapasiwedi awiri. Yoyamba ndi imene foni imafunsa polowa pa Wi-Fi. Yachiwiri ndi yolowera mkati mwa rauta momwe mumasinthira zinthu, ndipo iyi ndi imene imaiwalika. Marauta ambiri akale amabwera ndi dzina loti admin, pasiwedi yakenso admin. Munthu amene analowapo kamodzi pa Wi-Fi yanu angathe kutsegula mkatimo n'kusintha zonse, mwini wake n'kutsala panja.

Lumikizani foni ku rauta, tsegulani Chrome kapena bulawuza ina, lembani nambala imene ili pa kapepala komatidwa pansi pa rauta. Kawirikawiri imakhala 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, pomwe za Huawei zambiri ndi 192.168.8.1. Apa bandulo sifunika. Yambani ndi kusintha pasiwedi ya admin.

Kenako pitani polembedwa Wireless kapena WLAN, mupeze Security. Mukusankha njira imene rauta imasokonezera uthenga woyenda pakati pa iyo ndi foni, kuti wina akaugwira m'mlengalenga asawerenge kanthu. WEP musaiyandikire, ndi yakale kwambiri ndipo imathyoledwa m'mphindi zochepa ndi mapulogalamu aulere. Sankhani WPA2-PSK, imene inabwera mu 2004, ndipo pambali pake ikani AES osati TKIP. WPA3 ya mu 2018 ndi yolimba kuposa pamenepo, koma mafoni ndi ma TV akale amakana kulowa. Zikatero sankhani WPA2/WPA3 ngati ilipo.

WPA2 imalola pasiwedi ya Wi-Fi ya zilembo 8, koma zimenezo n'zochepa. Wakuba safunika kuima pawindo panu usiku wonse. Amangojambula kauthenga kamene foni ndi rauta zimapatsana polumikizana, n'kupita nako kwawo, kompyuta n'kumayesa mapasiwedi mamiliyoni popanda chomuletsa. Nambala yanu ya foni, kapena dzina la mwana ndi chaka chimene anabadwa, sizichedwa kugwa. Tengani mawu anayi osagwirizana, a Chichewa kapena Chitumbuka, musakanize ndi manambala, zilembo zipitirire 14. Kutalika n'kumene kumateteza kuposa tizizindikiro tovuta kukumbukira.

WPS, njira yolowera pa Wi-Fi ndi nambala kapena batani m'malo mwa pasiwedi, izimitseni. Nambala yake ili ndi manambala 8, koma rauta imawaona m'zigawo ziwiri, choncho kuilota sikutenga nthawi, ngakhale pasiwedi yanu italike bwanji.

Komabe kunena zoona, ma Wi-Fi ambiri a m'makomo sathyoledwa ndi akatswiri. Pasiwedi imatuluka ndi mwana kapena mlendo. Mafoni a Android 10 kupita m'tsogolo amaonetsa QR code imene mnzake amangojambula n'kulowa, osafunsa aliyense. Ngati rauta yanu ili ndi Guest Network, Wi-Fi yapadera ya alendo yokhala ndi pasiwedi yakeyake, alendo apatseni imeneyo ndipo muziisintha pafupipafupi. Muziyang'ananso mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa. Pakhomo pali mafoni anayi koma pakuoneka asanu ndi awiri? Sinthani pasiwedi ya Wi-Fi, onse atuluka nthawi yomweyo. Pa mafoni anu dinani Forget pa dzina la Wi-Fi, kenako mulowenso ndi yatsopanoyo, apo ayi foni izingokakamira yakale.

Magetsi akazima rauta siiwala zimene mwaika. Chimene chimafufuta ndi kabatani ka Reset kumbuyo kwake: mukakadina ndi phini kwa masekondi pafupifupi 10, zonse zimabwerera mmene zinachokera kufakitale, ndipo muyenera kuyambiranso. N'chifukwa chake rauta isamakhale pakhonde pomwe aliyense angaigwire kapena kuwerenga kapepala kapansi kaja.