Ku Falls si kwa azungu okha, ifenso tili ndi mbiri yathu kumeneko

Epulo wathayu tinasonkherana ndalama a kwaya ya kumpingo kwathu ku Mufakose nkuhaya basi yopita ku Victoria Falls. Chomwe chinandikhudza tisananyamuke nkomwe nchakuti nditafunsa m'basimo kuti ndani anafikako kale, anakweza manja anthu awiri basi, chonsecho muli azimayi ndi azibambo obadwira konkuno ku Harare mpaka imvi mbuu. Amayi ena a Mvano anachita kunena kuti "mwana wanga kumeneko nkwa azungu, ife tikatani", ndipo mawu amenewa ndawamva kambirimbiri ku Mbare, ku Tafara, ku Mabvuku, paliponse pomwe pali ife a ku Nyasalandi. Ndiye nditabwerako ndinati ayi, ndilembe zomwe ndikudziwa za malo aja, chifukwa mbiri yake yatikhudza ifeyo kuposa momwe timaganizira.

Ulendo wake ngwautali abale, musanamizidwe. Kuchoka pa Harare kukafika pa Bulawayo ndi makilomita pafupifupi 440, kuchoka apo kukafika ku Falls enanso ngati omwewo, ndipo chigawo chachiwirichi msewu wake unakumbika ndi mathiraki a malasha moti pena dalaivala amachita kusiya tala nkumayenda m'mbali. Koma m'mawa kutacha tili kutali ndithu, wina anakuwa kuti taonani moto uko, tonse pawindo, kumaona chiutsi choyera chili tolotolo kumwamba ngati akutentha tchire. Sunali moto, anali madzi.

Mtsinje wa Zambezi pamenepa ngotambalala mamita 1,708 ndipo wonsewo umagwera m'chiphompho chomwe pakuya kwambiri ndi mamita 108. Nambala zimenezi ndinazidziwa kale koma kuima pamaso pake ndi nkhani ina, pansi pamanjenjemera, mnzako akamalankhula umangoona pakamwa pakuyenda, ndipo mvula imagwa yochokera pansi kupita m'mwamba dzuwa likuswa mtengo. Zitenje zonse zinanyowa chuu, mafoni tinawakulunga m'majumbo a buledi, utawaleza uli pafupi ngati uugwire ndi dzanja. Amayi aja amati nkwa azungu anangoima atagwira kachitsulo nkuyamba nyimbo okha, ife nkuvomera.

Dzina loti Victoria ndi lamfumukazi ya ku England yomwe sinapondeko phazi. Malowa anali ndi maina kale. Atonga a m'chigwa cha Zambezi, osati Atonga athu a ku Nkhata Bay ayi, awa ndi mtundu wina, amati Shungu Namutitima, ndipo mafumu awo monga a Mukuni a tsidya la Zambia mpaka lero amawaona mathithiwa ngati malo a mizimu ya makolo. Anambya a ku Hwange amati Chinotimba, nchifukwa chake lokeshoni yaikulu ya m'tauni ya Victoria Falls, komwe kumakhala ogwira ntchito m'mahotela, imatchedwa choncho. Dzina lomwe linatchuka, Mosi-oa-Tunya, kutanthauza utsi wogunda ngati bingu, ndi la Amakololo, ndipo apa mpomwe nkhani yathu ikuyambira.

Amakololo anachokera kummwera, anali a mtundu wa Asotho, anathawa nkhondo zomwe zija za nthawi ya Shaka zomwe zinathamangitsanso Angoni a Zwangendaba amene anawoloka Zambezi mu 1835 kubwera kwathu. Amakololowo motsogozedwa ndi Sebetwane anakwera mpaka kukagonjetsa Alozi. Mwana wake Sekeletu ndi amene anatenga David Livingstone nkumuperekeza, ndipo pa 16 Novembala 1855 anthu odziwa madziwo anamupalasa pa bwato mpaka pa kachilumba kali m'mphepete penipeni pomwe madzi amagwera, kamene pano amati Livingstone Island. Ndiye mukamamva kuti mzungu ameneyu ndi amene anatulukira mathithi muzikumbukira kuti anachita kunyamulidwa ndi eni ake, iye kwake kunali kusuzumira ndi kulemba m'buku. Anadzalapo nthanga za mapichesi ndi khofi pachilumbapo, pobwerera mu 1860 anapeza mvuu zitapondaponda zonse.

Tsono ulendo wa 1860 umenewu ndi womwe ine umandisangalatsa. Panthawiyo Livingstone anali atayamba kale kuyenda mu Shire, nyanja yathu anaiona mu 1859, ndiye pochoka kwa Sekeletu anatenga kagulu ka amuna kutsika nawo Zambezi mpaka kukalowa Shire. Amuna amenewa kwawo sanabwerere. Anakhazikika ku Chikwawa, anali ndi mfuti, nthawi ya njala ndi ukapolo anthu ankathawira kwa iwo, mapeto ake anasanduka mafumu pakati pa Amang'anja. Mukamamva a Kasisi, a Katunga, a Maseya ku Chikwawa lero, mizu ya maufumu amenewo ili kumtunda kwa mathithi omwewa. Ndipo ali ku Shire konko, mu 1864 Alozi anaukira nkuthetsa ufumu wa Amakololo kwawoko, kunangotsala chiyankhulo chokha. M'basi mwathu munali bambo wina wa kwa Maseya, nditamufotokozera anakhala kaye chete, kenako akuti "ndiye kuti ine ndabwera kwa agogo eti", ndinati zoona bambo, mwafika.

Tauniyo payokha inabadwa ndi njanji. Poyamba azungu ochepa ankakhala pa doko lotchedwa Old Drift kumtunda kwa mathithi, pomwe ankawolotsa ngolo, koma udzudzu unawamaliza ndi malungo, manda awo alipobe tsidya la Zambia. Cecil Rhodes, mtsamunda amene dziko la Rhodesia linatchulidwa dzina lake, ankafuna njanji yochoka ku Cape mpaka ku Cairo ndipo analamula kuti mlatho umangidwe pafupi zedi kuti madzi a mathithi azithira mabogi sitima ikamadutsa. Iye mwini anamwalira mu 1902 asanaone mathithiwo ndi maso. Njanji inafika mu 1904 kuchokera ku Bulawayo, chaka chomwecho anatsegula Victoria Falls Hotel yomwe poyamba inali yamalata, yogonamo omanga mlatho. Zitsulo za mlathowo anazisula ku Darlington ku England, kampani ya Cleveland Bridge, zinabwera pa sitima yapamadzi mpaka pa Beira kenako pa njanji, ndipo anamanga kuyambira mbali zonse ziwiri nkukakumana pakati, mamita 128 pamwamba pa madzi. Anautsegula mu Seputembala 1905. Anthu a pa Old Drift anasamukira pamtunda nkuyambitsa Livingstone, yomwe inakhala likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935 pomwe boma linasamukira ku Lusaka.

Koma sitima imeneyo inkayenda ndi chani? Malasha a ku Wankie, komwe pano timati Hwange, makilomita ngati 100 kuchokera ku Falls. Ndipo okumba malashawo ambiri anali obwera, a ku Zambia, a ku Mozambique, a ku Tanganyika ndi athu a ku Nyasalandi. Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza ali mnyamata, wapansi kudzera ku Tete, anagwira m'mafamu a fodya kaye kenako anakathera ku Wankie, zaka zambirimbiri akutsika m'mgodi. Ankatiuza ku Mufakose atakalamba, akutsokomola, kuti sitima yodzadza azungu opita ku Falls ankaiona ikudutsa madona atavala zipewa, koma iwo mathithiwo sanawaonepo, ankangomva kwa anzawo ogwira ntchito kunjanji kuti kuli madzi ofuka utsi. Mtunda wa maola awiri okha. Pa 6 Juni 1972 mgodi wa nambala 2, wa Kamandama, unaphulika nkupha anthu 427, mwa iwo munali Amalawi, ndipo mitembo yambiri sinatulutsidwe, anangotseka mgodiwo nkukhala manda. Agogo tsikulo sanali m'menemo koma maina a anzawo ankawatchula mpaka imfa yawo.

Pali kenanso kakang'ono kotilumikiza. Chakumapeto kwa ma 1940 ndege za kampani ya ku Britain ya BOAC zotera pamadzi zochokera ku England kupita ku Johannesburg zinkatera pa Zambezi kumtunda kwa mathithi, ndipo kwa kanthawi kochepa cha mu 1949 ndi 1950 ndege zomwezo zinkateranso pa Cape Maclear panyanja yathu.

Kenako kunabwera nkhondo. Ian Smith, mtsogoleri wa boma la azungu ku Rhodesia, atalengeza ufulu wake wa 1965, mlatho uja unasanduka malire a adani, mu 1973 bodala inatsekedwa, asilikali mbali iyi asilikali mbali iyo. Mu Ogasiti 1975 kunachitika zomwe mpaka lero zimandidabwitsa, anaimika bogi la sitima pakati penipeni pa mlatho, tebulo lili pamzere wa malire, a Smith akhala mbali ya Rhodesia, atsogoleri a anthu akuda, a Muzorewa, a Nkomo ndi a Sithole, akhala mbali ya Zambia chifukwa ena akanawoloka akanamangidwa. A Kaunda a ku Zambia ndi a Vorster a ku South Africa ndi amene anakonza. Zokambiranazo sizinapite patali, zinasokonekera pa nkhani yoti atsogoleri ali kunja aloledwe kulowa m'dziko osagwidwa, nkhondo nkupitirira. Mu 1977 hotela ya Elephant Hills inapsa ndi mzinga wochokera tsidya lija. Alendo anasiya kubwera, tauni inangoti zii mpaka 1980.

Zamasewera oika moyo pachiswezi zomwe tauniyi yatchuka nazo pano nzatsopano ndithu. Mu 1981 kampani ya ku America ya Sobek ndi yomwe inayamba kutsika ndi mabwato a mphira m'zigwembe za kumunsi kwa mathithi, kuyambira mbali ya Zambia, kenako a mbali ino anatengera. Mu 1989 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse, ndipo m'ma 1990 kunayamba bungee, kumangidwa chingwe m'miyendo nkudziponya kuchokera pa mlatho uja mamita 111. Tinaima pamlathopo kuonerera, mtsikana wina wachizungu anadumpha akukuwa, azimayi athu onse kuphimba kumaso ndi zitenje, "mayo ine, ali ndi makolo ameneyu?" Mtengo wake ukupitirira madola 150 kudumpha kamodzi. Tsiku lomaliza la 2011 chingwe chinadukapo, mtsikana wa ku Australia anagwera mumtsinje muli ng'ona koma anasambira nkupulumuka. Pano kuli zambiri, ma helikopita, zip line yomwe ndi kutsetsereka pa chingwe uli m'malere, kusambira mu Devil's Pool m'mphepete mwenimweni mbali ya Zambia madzi akachepa.

Ine chomwe ndinayang'anitsitsa si odumphawo. Madzulo tinaona anyamata akutuluka m'chigwembe, njira yoima njoo, atasenza mabwato aja ataphwetsa mpweya, nkhafi, mabokosi a zakumwa, ena atavala mapatapata okha, thukuta kamukamu, alendo akubwera pambuyo chimanjamanja akupuma wefuwefu. Mmodzi nditamupatsa moni wa Chishona anandiyankha, koma atamva tikuyankhulana tokha anati "kodi ndinu akwathu?" Wobadwira ku Hwange, agogo ake a ku Mangochi, Malawi sanamuonepo. Ndinaona agogo anga mwa mnyamata ameneyo, katundu ndi yemweyo wangosintha mtundu.

China chomwe chinandivuta mumtima ndi gule. Usiku m'malo ena odyera alendo amavinitsa magule, pali Makishi a ku Zambia komanso Gule Wamkulu wathu amene, wobwera ndi agogo athu m'migodi ndi m'mafamu, yemwe UNESCO inamulemekeza mu 2005. Ine ndine wa mpingo koma agogo anali olowa, ndipo ndikudziwa kuti chilombo chimatuluka pa maliro, pa chinamwali, pa kulonga mfumu, osati pomwe anthu akudya ndi mafoloko nkumajambula. Komanso ovinawo ali ndi ana ofuna fizi ndiye sindingawaloze chala. Chomwe ndikanakonda nchakuti wolengeza uja azinena bwinobwino kuti gule ameneyu ngwa Achewa ndipo anafika bwanji kuno, osangoti magule a makolo basi.

Zaka za m'ma 2000 chuma chitagwa alendo anathawira ku Livingstone, mahotela mbali ino anali mbee, ndipo chikumbutso chake mpaka pano anyamata amakuthamangira mumsewu kukugulitsa ndalama yakale ija ya Zimbabwe ya 100 trillion pamodzi ndi mikanda ya Nyaminyami, mzimu wa mtsinje wa Zambezi kwa Atonga. Ife tinangoseka, tinati achimwene zimenezo tili nazo m'sutikesi kunyumba. Zinthu zinayamba kubwerera pomwe Zimbabwe ndi Zambia anachititsa limodzi msonkhano waukulu wa zokopa alendo wa UNWTO mu 2013, bwalo landege latsopano linatsegulidwa mu 2016, ndipo mu Disembala 2020 Victoria Falls inapatsidwa ulemu wokhala mzinda. Pali nkhani ya damu la magetsi lomwe maboma awiriwa akufuna kumanga ku Batoka Gorge kumunsi, amabwato akudandaula kuti madzi akabwerera m'mbuyo mafunde awo ambiri amira ndipo ntchito zitha. Ife a ku Harare amene timakhala mumdima maola ambirimbiri magetsi tikuwafuna, koma Atonga akukumbukira Kariba, pomwe anthu pafupifupi 57,000 anasamutsidwa m'ma 1950 ndipo midzi yawo yambiri magetsiwo sinawaone.

Mukafuna kupita, Epulo ndi Meyi madzi amakhala odzadza, mumanyowa ndipo pena utsi umabisa mathithiwo, Okutobala ndi Novembala amachepa moti mbali ya Zambia pamaoneka miyala yokha, nchifukwa chake zithunzi za 2019 zinanamiza anthu kuti mathithi auma. Tengani chitupa chanu, pageti wokhala ndi chitupa cha Zimbabwe amalipira kachepe poyerekeza ndi wakunja, ndipo malo ogona otchipa ku Chinotimba ndi ku Mkhosana alipo. Chakudya musayende nacho poyera, anyani ake alibe mantha, ndipo usiku musayende wapansi, njovu zimalowa m'tauni.

Pobwerera ndinapempha dalaivala kuti aime pa Hwange. Tinatsika tonse m'mbali mwa msewu, fumbi lakuda lili paliponse mpaka pamasamba, mathiraki akudutsa. Ndinali nditatunga madzi a Zambezi m'kabotolo kumtunda kwa mathithi, cholinga ndikathire pamanda a agogo ku Harare, koma nditaima pamenepo ndinatsegula nkuthira theka pansi. Abusa anapemphera mwachidule, amayi a Mvano aja anayambitsa nyimbo ya pamaliro, ndipo bambo wina wodutsa ndi njinga, ovololo yakuda bii, anaima nkuvula chipewa nkuyamba kuyimba nafe m'Chichewa mpaka ndime yomaliza.