Tembenuzani mbaleyo kaye musanandiimbire foni

Sabata silitha ndisanalandire chithunzi pa WhatsApp: kambale kabuluu kokhala ndi tizithunzi toyera, kenako uthenga woti, "Achimwene, ndatola chuma, ndi Wedgwood ya 1759." Ndakhala zaka zambiri kuno ku Staffordshire, ku England, ndikukonza ndi kuyeza zinthu zadongo, ndipo pakamwa pauma ndi kubwereza yankho limodzimodzi. Chaka cha 1759 ndi chimene Josiah Wedgwood anayamba kuumba payekha ku Burslem. Kampani ya ziwiya zadongo yomwe anayambitsa, yotchedwa Wedgwood, imadinda chakachi ngakhale pa kapu yomwe yatuluka mu uvuni mwezi watha. Komanso dongo labuluu mukundionetsalo, lomwe amalitcha jasper, mu 1759 kunalibe. Josiah analipeza cha m'ma 1775, atayesa kusakaniza ndi kuwotcha maulendo masauzande.

Tembenuzani mbaleyo muone kunsi. Mukapeza mawu oti England, dziwani kuti singakhale yakale kuposa 1891, chifukwa mawuwa anayamba kuikidwa America itakhazikitsa lamulo loti katundu wolowa m'dzikomo azionetsa komwe wachokera. Mukapeza Made in England, ndiye ndi ya m'zaka za m'ma 1900 kapena kubwera kuno. Zilembo zitatu zodindidwa pamodzi pambali pa dzina zinayamba mu 1860. Za nthawi ya Josiah mwiniwake zimangokhala ndi dzina lodindidwa m'dongo likadali lofewa, kapena Wedgwood & Bentley, dzina la mnzake wa bizinesi Thomas Bentley yemwe anamwalira mu 1780. Ndipo werengani dzinalo chilembo ndi chilembo. Likalembedwa Wedgewood, lokhala ndi e pakati, si la banja limeneli. Likakhala Wedgwood & Co, imeneyo ndi fakitale ina ya ku Tunstall ya Enoch Wedgwood, wachibale wa patali, yomwe kampani yaikuluyo inadzaigula mu 1980. Mbale zake n'zabwino kudyeramo nsima, koma musawerengerepo fizi ya mwana.

Anthu amakhumudwa ndikawauza kuti zinthu za Wedgwood n'zambirimbiri. Chikhalirecho kuchulukako ndi kumene Josiah ankafuna. Anabadwa mu 1730, chitsirizira m'banja la oumba mbiya. Nthomba inamugwira ali mwana n'kumusiyira bondo lofooka, moti sankatha kupalasa bwino gudumu loumbira. Mwendowo anadzaudula mu 1768, nthawi yomwe kunalibe mankhwala ogonetsa. Munthu wolephera kukhala pa gudumu anathera nthawi yake pa kope, kulemba zomwe wasakaniza ndi zomwe zatuluka mu uvuni. Anakonza dongo loyera ngati mkaka wa ng'ombe yonenepa, Mfumukazi Charlotte ya ku Britain n'kuitanitsa ziwiya za tiyi mu 1765, iye n'kupempha chilolezo cholitcha Queen's Ware. Apa m'pamene panali nzeru zake: akagulitsa kwa mfumukazi, aliyense wa kandalama pang'ono ankafuna zomwezo pa tebulo lake. Mfumukazi Catherine ya ku Russia inaitanitsa ziwiya 952 zojambulidwa malo a ku Britain, chilichonse chili ndi kachule kobiriwira, ndipo Josiah anayamba wazionetsa ku London mu 1774 zisanapite, kuti anthu akhumbire.

Mu 1769 anatsegula fakitale ya Etruria m'mbali mwa ngalande ya Trent and Mersey, yomwe iye anaimenyera nkhondo kuti ikumbidwe, poti mbale zonyamulidwa pa abulu ndi ngolo m'misewu ya maenje zinkafika zili mapale. Ntchito anaigawa: wina woumba, wina womata tizithunzi, wina wowotcha. Tizithunzi toyera tija timaumbidwa patokha m'chikombole n'kumatidwa ndi manja, n'chifukwa chake pa chenicheni mumaona m'mphepete mwake mwakuthwa, pomwe pa chachinyengo tizithunzi timaoneka ngati tasungunukira m'thupi la mbale.

Pali kanthu kamodzi kake komwe ndimakakonda kuposa zonse. Mu 1787 anaumba kamendulo kosonyeza kapolo wa ku Africa atagwada ali mu unyolo, ndi mawu omwe pa Chichewa tingati, "Kodi sindine munthu ndi m'bale wanu?" Anatigawa kwa olimbana ndi malonda a akapolo, amayi n'kumativala ngati zokongoletsa. Ine ndimamwetulira ndekha kuti woumba mbale ndi amene anafunsa za m'bale, koma nthabwala imeneyi anzanga a ku ntchito sangaimve.

Tsono nkhani imene imandisowetsabe tulo. Mayi ena akwathu, osamalira okalamba, anapatsidwa mbale yaikulu ya ndiwo ndi ana a gogo yemwe anamusamalira mpaka imfa. Ananditumizira chithunzi cha kunsi kwake: dzina lokha lodindidwa m'dongo, popanda England, popanda zilembo zitatu. Mtima unagunda. Ndinawayankha kuti, "Mayi, musaikhudze, mubwere nayo Loweruka." Sanabwere, ntchito inawapanikiza, nanenso sindinawakumbutse. Mbaleyo inali ndi banga lofiirira la mafuta akale, ndiye wina wodzitcha katswiri pa intaneti anawauza kuti aiviike usiku wonse m'mankhwala oyeretsera zovala aja. M'mawa inatuluka yoyera kuti mbee, iwo n'kusangalala. Patatha miyezi itatu anabwera nayo itakulungidwa m'chitenje. Nditafunyulula, pa nsalupo panali tizidutswa tonyezimira ngati mamba a usipa, ndipo m'ming'alu munkatuluka ufa woyera. Dongo la mtundu umenewu limamwa madzi. Mankhwalawo analowera m'timing'alu ta pamwamba, atauma anasanduka mchere m'kati, mcherewo n'kumakankha chonyezimira cha pamwamba chija kuti chisendeke. "Bambo, palibe chomwe mungachite?" Ndinaiviika m'madzi oyera kwa milungu ingapo ndikusintha madziwo, kusendekako kunaima, koma chomwe chinagwa chinagwa. Safunsa anadya phula, ee, koma mayiwa anafunsa. Anangofunsa munthu wolakwika pa nthawi yomwe ine ndinali chete.

Za banjali pambuyo pa imfa ya Josiah mu 1795 ndidutsapo mwachangu. Mwana wake Susannah ndiye mayi wa wasayansi wotchuka Charles Darwin, ndipo Darwin anakwatira msuweni wake Emma Wedgwood mu 1839. Fakitale inasamukira ku Barlaston mu 1940. Mu 1986 kampaniyo inagulidwa ndi Waterford ya ku Ireland, mu 2009 zonse zinagwa ndi ngongole, ndipo kuyambira 2015 mwini wake ndi Fiskars ya ku Finland. Katundu wambiri wa zaka zaposachedwa anaumbidwa ku Indonesia. Ngakhale zakale zomwe banjali linasunga zinatsala pang'ono kugulitsidwa chifukwa cha ngongole ya penshoni, mpaka mu 2014 pamene panasonkhedwa mapaundi 15.75 miliyoni kuti zipulumuke. Ndiye wina akakuuzani pa msika wa zakale kuti chilichonse cholembedwa Wedgwood chinadutsa m'manja mwa banjali, mufunseni kuti banja lake liti.

Ogulitsa otere ndi amene andikwana. Amapaka tiyi m'ming'alu kuti chinthu chioneke chakale, ena amapala mawu oti England kunsi. Mukasisita ndi chala mumamva kadzenje kosalala pamalopo. Anzawo ndi okonza a guluu wa m'kachubu uja wouma m'kanthawi kochepa. Guluu ameneyu amagwira zidutswa zisanakhale m'malo mwake, amalowa m'dongo, ndipo kumuchotsa kumanditengera nthawi yaitali kuposa kukonza komwe. Mbale ikasweka, tolani kachidutswa kalikonse, ngakhale kochepa ngati njere ya mpunga, kulungani chilichonse pachokha m'pepala lofewa, musayese kuzilumikiza kuti muone ngati zikukwanirana chifukwa m'mphepete mumanyenyeka. Musaiike m'makina otsukira mbale. Mng'alu mukausiya miyezi umamwa fumbi ndi mafuta, n'kusanduka mzere wakuda womwe sudzachokanso bwinobwino. Ndipo mukamanditumizira chithunzi, yambani ndi cha kunsi, mutaijambula pafupi ndi windo kuti kuwala kubwere cham'mbali, dzina lodindidwalo liwerengeke.