Mwana wofatsa akayamba chibwenzi, inu mumamva liti?

Mayi wina anabwera ku ofesi kwanga foni ya mwana wake ataikulunga m'kansalu ngati umboni wopita nawo kupolisi. Mwanayo ndi mtsikana wa zaka 16, ali Fomu 3. Alendo akafika kwawo amagwada pakhomo, n'kupereka moni wosamveka, n'kuthawira kukhitchini. "Akanakhala enawa ndikanamvetsa, alangizi," anatero mayiwo, "koma uyu? Uyutu ndi wa kwaya." M'fonimo munalibe choopsa. Anali mauthenga a pa WhatsApp ndi mnyamata wa m'kalasi mwake, ambiri ongofunsana ngati wadya, ngati wamaliza kulemba manotsi a Biology. Chimene chinawawawa mayiwo n'chakuti panali patatha miyezi isanu iwo osadziwa kanthu.

Pa ntchito yanga yolangiza achinyamata, makolo amene amadzidzimuka kwambiri ndi a ana ofatsa. Wolongolola amadziulula yekha, dzina la mnzakeyo limangotuluka pa nsima. Wamanyazi amasunga, ndipo ife akuluakulu timaona kusungako ngati khalidwe labwino.

Manyazi si matenda, komanso satsimikizira kuti mwana alibe maganizo a chikondi. Mwana wamanyazi akayima pafupi ndi munthu amene wamudolola, thupi lake limachita ngati lakumana ndi ngozi. Limatulutsa timadzi ta m'thupi totchedwa adrenaline, mtima umathamanga, m'manja mumatuluka thukuta, kukamwa kumauma, mawu amene anakonza usiku wonse amasowa. N'chifukwa chake mumamuona akulemba pansi ndi chala cha kuphazi kapena akuthothola masamba a mpanda. Pa msinkhu umenewu wachinyamata amaganizanso kuti aliyense akumuyang'ana iyeyo, ndiye kachiphuphu kamodzi pamphuno kakhoza kumulepheretsa kupita ku tchalitchi. Chinanso n'chakuti mbali ya ubongo imene ili kuseri kwa chipumi, yothandiza munthu kudziletsa ndi kuyeza zotsatira za zochita zake, imamaliza kukhwima munthu ali m'zaka za m'ma 20. Zilakolako zimafika msanga, mabuleki amabwera mochedwa.

Kale wamanyazi ankalemba kalata, n'kuipinda bwinobwino, n'kutuma mng'ono wake atamunyengerera ndi switi. Kalatayo inkadutsa m'manja mwa anthu, ndipo sipankatenga sabata azakhali asanamve. Lero bandulo ya WhatsApp yachotsa mtumiki uja. Mnyamata amene sangathe kunena "muli bwanji" pamaso amalemba ndime zitatu pakati pa usiku atafunda bulangete. Sindikuona cholakwika kuti foni yamupatsa mawu, koma yachotsa mboni zonse.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwenikweni ndi liwu loti "ayi". Timalera ana kuti asayang'ane wamkulu m'maso, asamuyankhe, akatumidwa anyamuke. Ndi ulemu wabwino, ndipo mwana wofatsa amauphunzira kuposa anzake onse. Koma tsiku limene bambo wa pa golosale adzamuuza kuti "tenga sopoyu, ulipira mawa", kapena wa kabaza wa njinga yamoto adzayamba kumunyamula ulere, mwanayo alibe mawu okanira, chifukwa sanakanepo wamkulu chibadwire. Zidyamakanda zimadziwa kusankha. Zimapewa mtsikana wapakamwa amene akakuwa msika wonse umva, zimafuna amene akachita manyazi kukanena kwawo. Lamulo lili kumbali ya mwana: lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo oyendetsera dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Koma zonsezi zimagwira ntchito pokhapokha wina akamva, ndipo woyamba kumva amayenera kukhala wa m'nyumba.

Ndiye tsiku limene mwatulukira chibwenzicho ndi lofunika kuposa masiku ena onse. Mukalanda foni, n'kumuyalutsa pamaso pa abale ake, n'kukanena kwa abusa, mwana wolongolola akangana nanu mawa n'kuiwala. Wamanyazi amaphunzira chinthu chimodzi, kuti nkhani zotere sazibweretsa kunyumba. Chibwenzi sichitha ayi, chimangosamukira pa foni ya mnzake. Ndipo likadzafika vuto lenileni, mimba, matenda, kapena munthu amene akumuopseza kuti amwaza zithunzi zake, inu mudzamva kwa aneba.

Makolo ambiri amandiuza kuti pachikhalidwe chathu bambo sangakambe zoterezi ndi mwana wake wamkazi. Sindikutsutsa. Makolo athu anali ndi njira: azakhali, amalume, agogo amene ukhoza kuseka nawo nkhani imene kwa amayi sungaiyambe. Vuto n'lakuti azakhaliwo ali ku Mzimba kapena ku Joni, banja lili ku Ndirande, ndipo mpata wawo palibe anaulowa. Sankhani munthu, mumuuze mwanayo poyera kuti "zimene sungandiuze ine, kawauze azakhali ako, ndipo sindikakufunsa." Mukalonjeza choncho musakawapanikize azakhaliwo kuti akuululireni zonse. Zoika moyo pachiswe zokha ndiye azibweretse.

Kakambidwe kakenso n'kofunika. Mwana wamanyazi mukamukhazika pampando n'kumuyang'ana m'maso kuti "tiye tikambirane", mwamutseka pakamwa. Yambani nkhani manja ali pa ntchito, mukusankha nyemba, mukutong'ola chimanga, mukuyenda kuchokera kuchigayo, maso onse ali kwina. Yambirani patali: "Anzako a m'kalasi ayamba zibwenzi?" Akayankha mawu awiri, landirani awiriwo. Ena abwera Lachinayi.

Mu ofesi mwanga timachita masewero. Ine ndimakhala mnyamata wokakamira, mwanayo ayesere kundikana mokweza. Ulendo woyamba amangoseka n'kubisa nkhope. Pofika kachisanu amatha kunena kuti "sindikufuna, ndipo ukapitiriza ndikanena" osagwetsa maso. Amayi kapena azakhali akhoza kuchita zomwezi pakhonde. Mawu amene pakamwa panawatchulapo savuta kuwapeza mantha akafika.

Anyamata timawaiwala. Mnyamata wamanyazi amasekedwa ndi anzake kuti ndi wogona, amalume ake omwe amamufunsa pa maliro kuti "apongozi tiwaona liti?" Ena amafunsira mtsikana amene sakumufuna n'komwe, kungoti anzawo awasiye. Amafunika wamkulu womuuza kuti kudikira si kupusa, ndiponso kuti mtsikana akati ayi nkhani yathera pomwepo, osati kumulondalonda panjira ya kumjigo mpaka atatopa.

Malire aikeni, ana amawafuna ngakhale amadandaula. Mnzakeyo adziwike pakhomo, azicheza masana pamalo ooneka, foni igone pabalaza makamaka mayeso a MSCE akayandikira, ndipo chithunzi chimene sangafune kuti agogo ake achione asachitumize kwa aliyense. Za kugonana, mimba ndi HIV muuzeni zoona, kapena mupite naye kuchipatala, zambiri za boma zili ndi gawo lothandiza achinyamata. Kumuuza sikumutuma.

Chibwenzi choyamba nthawi zambiri chimatha, ndipo kwa mwana amene anavutika miyezi kuti atsegule pakamwa chimawawa zedi. Musamuseke kuti "zachibwana izo". Akalira masiku angapo n'zachibadwa. Koma akatha masabata awiri osadya bwino, osagona, osafuna sukulu, kapena akatchula zodzipha ngakhale mwanthabwala, musadikire, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Mayi aja ndinawapempha kuti abweze foniyo asananene chilichonse, ndipo anavomera monyinyirika. Patatha milungu itatu anandiimbira. Anati Loweruka lina akuchapa, mwanayo akuyanika zovala pachingwe atawafulatira, anangoti, "Amayi, pali mnzanga wina amafuna adzakupatseni moni." Mnyamatayo anabweradi Lamlungu masana, atavala malaya ositidwa mpaka kuwala. Anakhala kumapeto kwenikweni kwa mpando, Fanta anamugwira m'manja ola lathunthu osamwa, ndipo atafunsidwa kuti kwawo ndi kuti anayankha kuti "bwinobwino".